Njinga yatsopano ya kabaza: zoyamba kusintha isanalowe mumchenga wa ku Salima

Amene anapanga njinga yamoto imene mwagulayo sankaganiza za msewu wa ku Lifuwu mwezi wa February. Ankaganiza za munthu mmodzi, mwina awiri, oyenda pa tala kupita kuntchito m'mawa n'kubwerako madzulo. Ife kuno timaisenzetsa mayi ndi mwana kumbuyo, thumba la mpunga la makilogalamu 50 pakaliyala, dengu la usipa pamwamba pake, n'kuilowetsa mumchenga wa ku Senga Bay dzuwa lili paliwombo. N'chifukwa chake pa siteji iliyonse, kaya pa Kamuzu Road, pa Khombedza kapena pa Chipoka, madandaulo ndi amodzimodzi: mashoka ndi ofewa, nyali siiona patali, tcheni chikutha msanga, chishalo chikuwotcha. Ine ndimakonza njinga zimenezi, ndipo ndisanagwire sipanala ndinayamba ndayendetsa kabaza. Zili m'munsimu ndi zimene ndimauza mnyamata aliyense wobwera ndi njinga ikadali ndi mapulasitiki ake, kaya ndi Lifo, Sanlg, King Lion, Boxer kapena TVS.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama yoyamba ambiri amaithera pa sipika, timagetsi tothwanima ndi ekizozi yaphokoso, tayala lakumbuyo likadali lija la mizere yosaya lochokera kufakitale. Ndalama ya kabaza ndi yochepa, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Ndiye achimwene, yambani ndi zosalira ndalama, kenako zimene zimateteza injini, zimene zimaimitsa njinga ndi zimene zimakuonetsani njira. Zokongoletsa zidikire.

Njinga zambiri zimafika m'dziko muno zili m'mabokosi, n'kudzalumikizidwa ndi anthu othamangira kumaliza zambiri pa tsiku. Musanakweze munthu, iimikeni pa sitandi yapakati, mutenge masipanala a 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, muyendere nati iliyonse kuyambira pa madigadi akutsogolo mpaka pa nambala. Muonetsetse mabawuti ogwira injini ku felemu, manati a ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, a handulo, komanso kachitsulo kogwira mbale ya buleki yakumbuyo kuti isazungulire limodzi ndi tayala. Pamenepo payenera kukhala kapini kotsekera nati. Pomwe pamakonda kumasuka, monga pa ekizozi ndi pa chotchingira tcheni, ikanipo mawashala a sipuling'i. Mangani ndi dzanja, osaponda sipanala ndi phazi, chifukwa timabawuti ta sipanala ya 10 sitichedwa kuduka. Girisi nayenso kufakitale amapaka wochepa kwambiri. Tsegulani pakhosi pa handulo pamene pali tinsawawa tachitsulo, ndi pamene pamagwira chitsulo chachikulu chonyamula tayala lakumbuyo, mupake wokwanira. M'makebulo a kalachi ndi buleki mudonthezemo oyilo. Pakatha masabata oyambirira, gogodani masipoko ndi sipanala imodzi imodzi: yolira mosamveka bwino ndiye kuti yakhwefuka, ndipo ikasiyidwa imadula anzake.

Oyilo wobwera ndi njinga musakhale naye nthawi yaitali. Injini yatsopano imakhala ikupalana mkati, ndipo tizitsulo tosaoneka bwino timatsalira mu oyiloyo. Muchotseni njinga isanapitirire makilomita 500, pokhapokha ngati buku lake lanena kuti muchotse msanga kuposa apo. Injini za 125 ndi 150 zambiri zimalowa pafupifupi lita imodzi. Kutentha kwa kuno ku nyanja kumafuna 20W-50, ndipo pa botolo payenera kulembedwa JASO MA, chifukwa kalachi ya njinga imasamba mu oyilo yemweyo; wagalimoto wina amaiteretsa. Pa injini zambiri zochokera ku China pali kasefa kawaya kuseri kwa chitsekerero chachikulu cha m'munsi, kumanzere. Katsukeni nthawi iliyonse mukamasintha oyilo. Ine kwa munthu wa kabaza wa m'fumbi ndimati asapitirire makilomita 2,000 asanasinthe. M'makilomita 1,000 oyamba njinga isasenze matumba, ndipo abwana eni njinga amene amafuna tageti yonse kuyambira tsiku loyamba ayenera kuuzidwa zimenezi mwaulemu koma momveka. Injinizi zimazizira ndi mphepo yokha, choncho matope a makande akauma pakati pa zipsepse za injini, makamaka mu October ndi November, akolokoleni ndi kamtengo.

Chimene chimapha injini kuno kuposa katundu ndi fumbi. Tsegulani bokosi la eyakilina muone chimene chilimo. Ngati ndi siponji, muzimutsuka ndi palafini kapena madzi a sopo, aume bwinobwino, kenako mumudontheze oyilo woyera n'kumufinya m'manja osamupotokola, mpaka akhale wonyowa koma wosadontha. Siponji wouma sagwira fumbi losalala lija la m'chilimwe. Ngati ndi yapepala, siichapidwa: igogodeni pang'ono, ikada musinthe. Pamlomo pa chivindikiro pakani girisi pang'ono kuti fumbi lisalowere m'mbali. Pali njira yosavuta yodziwira ngati zili bwino. Masulani kapayipi kalabala kochokera ku bokosi kupita ku kabuleta, mupisemo chala. Mukapezamo fumbi, ndiye kuti injini ikudya mchenga, ndipo posachedwa iyamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo. Anyamata ena amachotsa bokosi lonse n'kuikapo kasefa kakang'ono kapanja ati njinga izipuma bwino. Musayerekeze. Mphamvu yowonjezera simuimva, koma malingi a pisitoni mugula miyezi isanachuluke.

Mafuta nawo amafuna sefa yawo, ndipo iyi ndi imodzi mwa zinthu zotsika mtengo kwambiri zimene opanga akanamaika pa njinga iliyonse. Petulo akasowa pa mapampu tonse timagula wa m'zigubu ndi m'mabotolo, ndipo mmenemo mumakhala dzimbiri, mchenga, nthawi zina madzi. Komanso petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol. Wina amapangidwa chapafupi pompa ku Dwangwa, kumene fakitale ya EthCo yakhala ikumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira mu 1982. Ethanol amayaka bwino, koma amakoka chinyezi ndipo amaumitsa timapayipi talabala wamba. Gulani kasefa koonekera mkati, mudule kapayipi pakati pa thepu ya thanki ndi kabuleta, mukaike motsata kamuvi kolembedwa pambali pake, kutali ndi mutu wa injini. Kapayipi kakayamba kuuma ndi kung'aluka kasintheni. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu: mukamasula pang'ono, madzi ndi zinyalala zokhazikika pansi zimatuluka. Muzichita zimenezi kawirikawiri m'dzinja.

Tsopano tcheni, pamene ndalama za anzanga ambiri zimathera. Njinga ikabwera ndi chotchingira tcheni chotsekeratu, musachichotse ngakhale chizisokosa. Chimangeni bwino ndi timalabala kuti chisiye kulira. Tcheni chapoyera mumchenga wa ku Maganga kapena ku Chikombe sichikhalitsa. Ndipo girisi musachipake. Girisi akagwira mchenga amasanduka mphero, amapera tcheni ndi mano a sipuloketi tsiku lonse. Tsukani ndi palafini ndi kabulashi, mupukute, mudontheze oyilo wa magiya wa 80W-90 kumbali yamkati kwinaku mukuzungulitsa tayala, n'kupukuta wotsalira kunja. Oyilo wakuda wochotsa mu injini ali ndi tizitsulo, si wabwino.

Tcheni cha njinga zimenezi nthawi zambiri ndi cha nambala 428. Chakufakitale chikatha, funsani 428H, chimene chili ndi timbale tokhuthala. Muzisintha zitatu zonse pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri, chifukwa tcheni chatsopano pa mano okutha chimatanuka m'masabata ochepa. Kulendewera kwake pakati kukhale masentimita 2 mpaka 3, ndipo muyeze malo angapo mukuzungulitsa tayala, n'kutsata pamene pali pothina kwambiri. Kumbukirani kuti munthu akakwera tcheni chimakungika, ndiye chomanga ngati chingwe njinga ili yopanda kanthu chimawononga belingi ya kugiyabokosi. Kaloko kolumikizira kayang'ane ndi mutu wake wotseka kumene tcheni chikupita.

Ambiri amafuna njinga yokoka kwambiri, ndipo pamenepa mankhwala ake ali pa sipuloketi, osati pa ekizozi. Werengani mano. Ngati yakutsogolo ili ndi 15, kuika ya 14 kumawonjezera mphamvu yokoka ndi pafupifupi 7 peresenti, liwiro lapamwamba n'kutsika chimodzimodzi. Dzino limodzi kutsogolo likufanana ndi pafupifupi atatu kumbuyo. Ine ndimakonda kuwonjezera awiri kapena atatu kumbuyo, chifukwa sipuloketi yaing'ono kwambiri kutsogolo imapinda tcheni mothina n'kuchitha msanga. Kwa wonyamula mpunga, nsomba kapena makala m'misewu yafumbi, izi zimapulumutsa kalachi, poti simuiwotcha ponyamuka. Koma amene ntchito yake ndi ya pa tala pakati pa tauni ndi Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 aja opanda chitunda, asiye mmene zilili. Akasintha injini izingolira pachabe, mafuta n'kumapita.

Matayala akufakitale ambiri ndi a pa tala. M'dzinja pa makande amaterereka ngakhale mukuyenda pang'onopang'ono. Lakumbuyo ndiye loyamba kusintha: funani la mabuloko, lolembedwa 6PR m'malo mwa 4PR (manambalawa amasonyeza kulimba kwa tayala), saizi yomwe ija yolembedwa pa lakale, kaya 3.00-18 kapena 3.00-17 malinga ndi limu yanu. Tayala lonenepa kuposa limu silionjezera kugwira, limangokhula tcheni ndi madigadi. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2324 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2024. Lokhalitsa m'sitolo limauma ngakhale lisanayende. Pali kamuvi kosonyeza kozungulirira, katsatireni. Ikani chubu chokhuthala chifukwa cha minga ya mthethe, ndipo onani ngati lamba wotchinga mitu ya masipoko mkati mwa limu ali bwino. Mpweya muziyeza ndi geji m'mawa tayala lisanatenthe, motsata manambala olembedwa pa njinga kapena m'buku, osati pomenya ndi chibakera. Mumchenga wambiri kuphwetsa pang'ono kumathandiza, koma mukasenza katundu pa tayala lophwa, limu imatsina chubu pa mwala woyamba. Pa nkhani ya malimu, a masipoko amawongoleka akapindika, pomwe aaluminiyamu amalola tayala lopanda chubu koma akasweka ndi basi. Kwa woyenda kumidzi ine ndimasankha masipoko.

Buleki ya disiki kutsogolo ndi chinthu chimene aliyense amalakalaka, ndipo n'zoona kuti imagwira kuposa ya diramu, makamaka mukangotuluka m'madzi. Ngati simunagule njinga ndipo ilipo ya disiki, wonjezerani ndalama mutenge imeneyo. Ngati mwagula kale ya diramu, kusintha kumafuna foloko, habu ndi zonse za mtundu womwewo. Zowotcherera kachitsulo pa foloko kuti kagwire buleki ine ndimakana, chifukwa kakathyoka kamathyoka pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Diramu yosamalidwa imaimitsa njinga bwino. Ikani mashuzi abwino, chogwirira chakutsogolo chiziyenda sentimita 1 mpaka 2 chisanayambe kugwira, chopondera chakumbuyo masentimita 2 mpaka 3. Mukawoloka madzi amatope, tsegulani, mupukute, mukhule pang'ono ndi sandipepa. Pa kamkono kokoka buleki pamakhala kamuvi: kakafika pa chizindikiro chake mukagwira, mashuzi atha, musapitirize kumanga nati.

Ndipo buleki yakutsogoloyo muziigwiritsa ntchito. Ndimalandira njinga zambiri kebulo yakutsogolo itachita dzimbiri chifukwa mwini wake anauzidwa kuti imagwetsa. Imagwetsadi mukaitswanya mwadzidzidzi mumchenga kapena pokhota, koma pa tala ndi imene imachita ntchito yaikulu yoimitsa, popeza kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Phunzirani kuifinya pang'onopang'ono pamalo opanda anthu. Potsika msewu wa M14 kuchokera ku Chezi ndi Mvera, khalani mu giya kuti injini izithandiza, osazimitsa njinga pofuna kusunga mafuta, chifukwa diramu ikatentha imasiya kugwira. Amene anakazondako m'bale wake ku chipatala cha Kamuzu Central kapena ku LION, chipatala cha mafupa ku Lilongwe, anadzionera okha kuchuluka kwa anthu othyoka pa njinga zamoto.

Mashoka akumbuyo ambiri ali ndi makwerero 5 m'munsi mwa sipuling'i, ndipo amabwera ali pofewa. Akwezeni onse awiri mofanana musanaganize zogula ena. Akakanikabe, gulani olimba koma a utali womwewo kuchokera pa bowo lapamwamba kufika pa lapansi. Kuika mashoka anayi, monga ena amachitira, kumalimbitsadi, koma nkhonya yonse ya msewu imapita ku felemu, ndipo ndimawotcherera mafelemu ambiri ong'aluka pansi pa chishalo chifukwa cha zimenezi. Kaliyala nayo chimodzimodzi. Ikulitseni m'mbali ngati mukufuna, koma musaitalikitse kwambiri kumbuyo. Katundu akakhala kuseri kwa ekiselo yakumbuyo amapepukitsa tayala lakutsogolo, handulo n'kumagwedezeka yokha. Thumba lolemera likhale pamwamba pa ekiselo kapena kutsogolo kwake. Kaliyalayo ipangidwe payokha n'kumangidwa ndi mabawuti, yokhala ndi miyendo iwiri yotsikira ku felemu. Pakafunika kuwotcherera pa njinga penipeni, chotsani thanki, masulani batire ndi CDI, kabokosi koyendetsa moto wa ku pulagi, apo ayi mugula zamagetsi zatsopano.

Pali chinthu china chimene anyamata sachitchula pa siteji koma ine ndimachiika patsogolo pa sipika iliyonse. Amayi athu ambiri amavala chitenje, ena amakhala chammbali, ena abereka mwana. Nsonga ya chitenje ikalowa m'masipoko kapena mu tcheni imamukoka munthu n'kumugwetsa chagada njinga ikuthamanga. Chidendene cha mwana wasukulu chimalowanso momwemo. Ku India, kumene kumapangidwa Boxer ndi TVS, lamulo limafuna kuti njinga izikhala ndi chotchinga m'mbali mwa tayala lakumbuyo chifukwa cha nsalu zazitali zimene amayi akumeneko amavala. Njinga yanu ikabwera nacho musachichotse. Ikabwera popanda, wowotcherera aliyense wa pa Kamuzu Road angakupangireni ndi tizitsulo tozungulira kapena waya wa sefa wokhuthala, mbali zonse ziwiri, kuyambira pa shoka kufika pa chopondera. Pomwepo apangiretu zopondera zafulati zoti phazi lonse likhalepo, ndi kambale kotchinga ekizozi kosiya mpata wa mphepo pakati, kuti mwendo wa wokwera usapse. Ndipo musanyamuke musananene kuti, "Mayi, pindani chitenjecho mukhalire."

Chishalo sichifuna mawu ambiri. Siponji wakufakitale amaphwa, chikopa chakuda chimatentha. Osoka mipando amatha kuwonjezera siponji wolimba pansi ndi wofewa pamwamba, n'kuika pulasitiki mkati kuti mvula isalowere m'misoko. Kaukonde koyala pamwamba kamathandiza pa dzuwa. Kutalikitsa chishalo kuti muzikweza anthu atatu ine sindipanga. Chipewa chobwera ndi njinga nthawi zambiri n'chopyapyala; gulani cholimba chotseka chibwano, china cha wokwera, ndipo lamba wake azimangidwa.

Nyali ndi dandaulo lenileni. Babu la 35W silikwanira pa M5 usiku, pamene pali njinga zakapalasa zopanda nyali, ngolo, mbuzi ndi anthu ochokera kumsika. Musanagule babu la LED, dziwani mtundu wa magetsi a njinga yanu. Tsegulani kiyi injini isanalire, muyatse nyali. Ikayaka, ndiye kuti ikudya ku batire ndipo LED wamba ikwana. Ikapanda kuyaka mpaka injini italira, n'kumazilala mukasiya moto, ikudya ku makoyilo, ndipo mufunika babu lolembedwa AC/DC, apo ayi lizingophethira n'kupsa. Kuika babu wamba la mawati ambiri kumasungunula soketi ndi kumaliza batire. Mukaika, imikani njinga mamita 5 kuchokera pakhoma, munthu atakhalapo, muyatse dimu: malire apamwamba a kuwala akhale pafupifupi masentimita 5 m'munsi mwa msinkhu wa nyaliyo. Nyali yothobwa m'maso wa lole amene akubwera kutsogolo ndi ngozi kwa inu nomwe. Musaiwale yakumbuyo, imene mababu ake amaduka ndi kugwedezeka. LED pamenepo ndi yabwino kwambiri, pamodzi ndi tepi yonyezimira pa kaliyala, chifukwa thumba likalendewera limabisa nyali. Masiku amene nkhungu, tizilombo touluka tija, zatuluka panyanja muziyenda ndi kansalu kopukutira galasi la nyali ndi la chipewa.

Potchajira foni n'pofunika, poti makasitomala amaimba ndipo ena amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma waya wake achokere pamene pamafika magetsi kiyi ikatsegulidwa, osati mwachindunji pa batire, chifukwa tchaja imamwa batire pang'onopang'ono usiku wonse. Ikanipo fiyuzi yakeyake ya ma ampu 2 kapena 3. Polumikiza pawotcheredwe ndi soda, mtovu wolumikizira mawaya uja, n'kukulunga tepi, osati kupota mawaya n'kumanga ndi jumbo, ndipo asadutse pomwe thanki imakhula. Fiyuzi yaikulu ikapsa, funani chimene chaipsetsa. Kuikapo waya wamba kapena pepala la ndudu kumayatsa njinga yonse.

Za akuba, loko wa pa handulo yekha sakwanira. Makaniko amene mumamukhulupirira akuikireni kaswitchi kobisika kodula moto wa ku pulagi, ndipo malo ake musauze siteji yonse. Usiku tcheni chokhuthala chidutse mu felemu, osati mu tayala lokha. Nambala ya injini ndi ya felemu muzijambule pa foni, muzilembenso papepala losunga kunyumba, ndipo njinga ilembetsedwe ku Road Traffic, chifukwa yopanda mapepala ikapezeka n'kovuta kutsimikiza kuti ndi yanu. Ngati wogulitsa anakupatsani galanti, mufunseni zimene mungasinthe osaitaya musanadule waya kapena kuwotcherera kalikonse, ndipo zitsulo zimene mwachotsa muzisunge.

Pa doko, podikira asodzi kuti akocheze, sitandi yam'mbali imamira mumchenga ndipo njinga imagwa yokha, galasi ndi chogwirira kalachi n'kuthyoka. Uzani wowotcherera aike kambale kachitsulo ka masentimita pafupifupi 6 mbali zonse pansi pa phazi la sitandiyo, ataichotsa kaye pa njinga. Akamaliza ipindeni, muone kuti kambaleko sikakukhudza tcheni kapena chosinthira magiya, ndipo mupendeketse njinga kumanzere mutsimikize kuti sikakhula pansi pokhota.